A Mesitiri Kamilo ndi mwaye wa mu injini

Apongozi anga, a Mesitiri Kamilo, tawaika m'manda masabata atatu apitawa. Anali bambo wa amuna anga, a Tomasi. Ine ndinabwera pamudzi pano pa chitengwa, ndipo pa zaka zinayi zimene ndakhala nawo bwalo limodzi, mawu amene anandiyankhula ine mwini, maso ndi maso, ndingathe kuwawerenga ndi zala. Komabe mwana wanga Selina akuthamanga pabwalopa lero chifukwa cha iwo. Ndikulemba izi kuti ndisaiwale, chifukwa masiku ano mutu wanga sukugwira, mantha andichulukira.

Chifuwa ndicho chinawatenga. Anatsokomola mwezi wathunthu akukana kupita kuchipatala, ati munthu amene wameza utsi wa injini kuyambira unyamata sangadabwe ndi chifuwa. Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, ali gone pamphasa pakhonde, anauza a Tomasi kuti alize galimoto. Ife tinkayesa kuti avomera tsopano kupita kuchipatala. Ayi ndithu. Anangofuna kuimvera. Anatseka maso, anamvetsera, anamvetsera, kenako anati lamba wakutsogolo wakhwepa, amangidwe. A Tomasi anamanga akulira.

Ntchito ya magalimoto anaiphunzira ku Zambia, kumene anathawira wapansi nthawi ya nkhondo, iwo ndi apongozi anga aakazi amene ine sindinawapeze ali moyo. Ankati anayamba ndi kutsuka maboti m'beseni pagalaja ya munthu wina, zaka ziwiri osaloledwa kugwira sipanala. Nkhondo itatha anabwerera atasenza bokosi la zitsulo pamutu, anthu akuwaseka kuti ena abwera ndi mabulangeti, awa abwera ndi zitsulo, kodi adzazifunda? Poti anaphunzirira ku Zambia, mafuta amene ife timati gazoli iwo ankati dizilo, ndipo ukawawongola ankakuyang'ana ngati waba.

Galimoto yawo inali yoyera kalekale, ya bodi kumbuyo, yokalamba kuposa ine. Tsidya lino la mtsinje, kutali ndi msewu wa ku Mwaladzi, inali yokhayo. Inkanyamula chimanga, fodya, akwati, maliro ndi odwala. M'mawa uliwonse asanasambe kumaso ankapita kumbuyo kwake, kupisa chala m'paipi ya utsi, kuchitikita ndi chinzake, kununkhiza. Akailiza sankafuna munthu ayankhule mpaka itenthe. Ankatenga chitsulo chachitali, mbali ina pa injini, mbali ina kukhutu, n'kuima choncho atapendeka mutu. Anthu ofulumira ankawatsitsa panjira. Anyamata ogulitsa mafuta m'mabotolo amene timati magarafa m'mbali mwa msewu ankawadziwa ndipo ankawaopa, chifukwa ankakweza garafa kudzuwa, kuligwedeza, n'kufunsa mokweza anthu onse akumva:

"Iwe, awa ndi mafuta kapena ndi thobwa la amako?"

Koma ankagulabe, nanga akanagula kuti? Ndipo m'nyumba mwawo, kudenga, munkapachikika chigubu chachikasu cha mafuta osefa bwino, chimene sankachigwiritsa ntchito pa ulendo wa malonda ngakhale chimanga chiwolere pabwalo. Ankati amenewo ndi mafuta a matenda.

Ine ndi iwo tinkapatsana ulemu wa apongozi. Ndikawawona akubwera panjira ndinkapatukira kutchire. Galimoto ndinkakwera kumbuyo, pamatumba, ngakhale kutsogolo kuli malo. Selina atabadwa ndiye anakhala pakamwa pathu, ngakhale asanamere dzino. Ine ndinkagwada chapatali n'kunena kuti, Selina, uwauze agogo ako madzi ali kubafa. Iwo akatuluka kubafako ankati:

"Selina, uwauze amako kuti madzi amenewa akufuna andisosole ngati nkhuku."

Ndiye ine kuseka chobisa nkhope, iwo osaseka m'pang'ono pomwe.

Mkangano wawo waukulu ndi a Tomasi unali wa mwaye. Chaka chimene Selina anayamba kuima chogwirira, galimoto inayamba kufuka utsi wakuda bii, ndipo pachitunda cha patsidya pa mtsinje inkakwera ngati nkhalamba yosenza mtolo. A Mesitiri ankati injini ili ngati denga la khitchini: moto uliwonse umasiya mwaye, mwayewo umaunjikana, umauma ngati mwala, mpaka mafuta sawaza bwino ndipo mpweya sudutsa. Njira yawo inali yotsegula mutu wa injini kukolola kukatha, n'kupala mwayewo ndi supuni yophwatalala, masiku atatu, zitsulo zonse atazindanditsa pathumba. A Tomasi sankafuna kudikira. Tsiku lina anabwera kuchokera ku Nsadzo ndi kagarafa kakang'ono kofiira, ka mankhwala othira m'thanki, amene amati amadya mwaye galimoto ili kuyenda. Ine ndinali kupeta pambali, ndinamva zonse.

"Ababa, anthu onse akuthira zimenezi. Palibenso amene akupala ndi supuni ngati akukokota mphika."

"Anthu onse ndi ndani? Tawatchula."

"Madalaivala a kumalire."

"Amene magalimoto awo amamwa pa pampu ya m'tauni? Iwe thanki yathu unasuzumiramo?"

"Ndiye mukuti mankhwalawa ndi abodza?"

"Ndani wati ndi abodza? Ndinawawona iwe usanabadwe. Vuto lake ndi lakuti amagwira ntchito."

Anafotokoza pang'onopang'ono, monga ankachitira akakwiya. Anati mankhwala amenewo sasankha, amasungunula chilichonse chimene apeza, ndipo pansi pa thanki yawo panali matope a zaka zambiri, ochokera m'magarafa a m'mbali mwa msewu, matope amene anagona ndipo sankavuta munthu. Ukawadzutsa, onse amathamangira kusefa ya mafuta n'kuitseka. Anati amene akufuna kuthira ayambe watsuka thanki, aidzaze mpaka pakamwa chifukwa kagarafa kamodzi ndi ka thanki yodzadza, akhale ndi sefa yatsopano m'manja, ndipo asankhe tsiku lopanda katundu, lopanda munthu womudikira. A Tomasi anati zonsezo ndi kuchedwetsa chabe. A Mesitiri anati, poronto, nkhani yatha, kabise kumene ukudziwa, koma kasayandikire galimoto yanga.

Lachisanu la sabata yomweyo apongozi anapita wapansi kumaliro kumudzi woyandikana nawo. Masana ndili kuseri kwa nkhokwe, ndikusenda mtedza, ndinawona a Tomasi akutsegula thanki. Anakhuthula kagarafa konse. M'thankimo munali mafuta ochepa, monga mwa masiku onse, poti ife timagula garafa limodzi limodzi. Anagwedeza galimoto ndi phewa kuti zisakanikirane, anailiza kanthawi, anazimitsa. Potembenuka anandiwona.

"Wawona chiyani?"

"Palibe."

"Basi, palibe. Akadzawona utsi watha ndidzawauza ndekha."

Loweruka m'mamawa a Tomasi anakwera njinga kupita ku Nsadzo. Selina anadzuka thupi lili lotentha, anakana bere, ine ndinati mwina ndi mano. Dzuwa litangokwera pang'ono, ndili naye pamiyendo, anauma. Anauma ngati mtengo, manja anapindika, maso anatembenuka kungotsala oyera, thovu kukamwa, ndipo ine sindikudziwa mmene ndinadutsira bwalo, ndinangozindikira ndaima pamaso pa apongozi osagwada, mwana ndamutambasula m'manja, pakamwa panga pakutuluka phokoso lopanda mawu.

Anamugwira pamphumi, anamukweza chikope.  Analowa m'nyumba, anatuluka ndi makiyi ndi chigubu chachikasu chija, anachiika kuseri kwa mpando. Ine ndinathamangira kumbuyo kuti ndikwere kubodi. Anatsegula chitseko chakutsogolo, akuyang'ana kumbali, anati: "Kuno."

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kunena za kagarafa kaja. Mawu anali pakhosi. Koma amuna anga anali atandiletsa, ndipo ndiwauza bwanji apongozi ine ndekha, mwana amene ndimayankhulira kudzera mwa iye wangoti lende m'manja? Komanso ndinaopa kuti ndikanena azimitsa injini, ayamba kumasula thanki, andandika zitsulo pathumba monga mwa khalidwe lawo, dzuwa likupita. Ndinati mumtima, mwina tikafika. Injini inalira bwinobwino. Ndinatseka pakamwa.

Tinadutsa minda, tinadutsa dambo, tinawoloka mtsinje. Ine maso anga anali pawiri, pachifuwa cha Selina ndi pankhope ya apongozi. Ndinawona mutu wawo ukupendeka injini isanasinthe n'komwe kulira. Tili pakati pa chitunda inatsokomola. Inakoka, inasiya, inakokanso, apongozi anasintha giya, inati phu, phu, phu, kenako zii.

Sindinamvepo chete wotero. Kunalibe nyumba, kunalibe munthu, mitengo yokhayokha ndi njiwa ikulira kwinakwake, ndi kupuma kwa mwana wanga kofulumira ngati kwa kamwana ka mbuzi. Apongozi anatsika, anaika mwala kutayala, anatsegula boneti. Ndinawawona pampata wapansi akumasula sefa, akukhuthulira m'dzanja. Zimene zinatuluka sizinali mafuta, zinali phala lakuda. Ananunkhiza. Ananunkhizanso. Anabwera pawindo langa, dzanja lili chitambasulire, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere changa pamudzi pano anandiyang'ana m'maso.

"Make Selina. Anathira?"

"Anathira, ababa."

"Konse?"

"Konse."

"Liti?"

"Dzulo masana. Ine ndinawona, ndinaopa, ndina..."

"Khalani chete. Mugonekeni chammbali, asatsamwe."

Ndinayembekezera kuti atukwana, amenya chitseko, kapena akhala pansi. M'malo mwake anayamba kuyenda mwa mayendedwe awo a masiku onse, osafulumira, ndipo ine ndinawada nthawi imeneyo, zoona ndinawada, ndinkafuna kukuwa kuti thamangani. Anatulutsa paipi yaitali yopopera mafuta, anaidula pawiri ndi mpeni. Anazula mapaipi a kuthanki, anasiya sefa ija pambali, analumikiza zidutswa ziwirizo ku injini, imodzi yotengera mafuta, ina yobwezera otsala, anazilowetsa pawindo langa. Anaika chigubu pakati pa mapazi anga. Kenako anaima, anayang'ana malaya awo odzadza girisi, anayang'ana kapulana yanga, chitenje chimene ndinavala, yonyowa ndi masanzi a mwana.

"Mpango."

Analoza kumutu kwanga.

"Wakumutuwo. Ndipatseni."

Mkazi wa pa chitengwa kuvula mpango pamaso pa apongozi, tsitsi losapesa lili nyankhalala. Ndinavula. Anang'amba chidutswa, anachipinda kanayi, anachimanga ndi mphira kukamwa kwa paipi yotengera, anaimiza m'chigubu. Anati imeneyo ndiye sefa yathu lero, ndipo ngati kachitsotso kadutse n'kulowa mu pampu ya injini, galimoto imeneyi yatha. Ananena ngati akunena za mvula. Munthu amene kwa zaka zonsezo sankalola ngakhale dontho la madzi kuyandikira pampu imeneyo.

Anayamwa paipi ndi pakamwa kuti mafuta abwere, analavula, anayamwanso, anatsamwa, mafuta akutsika m'ndevu. Anamasula kaboti kena kapampu, anapopa ndi chala mpaka thovu linatha. Selina anaumanso. Ndinakuwa. Iwo sanatembenuke, anangomaliza kumanga, anatsitsa boneti osaitseka kuti isapane mapaipi, anaimanga ndi chingwe, anachotsa mwala uja, analowa.

"Mverani. Batire ndi lofooka, sindiliyesa. Tibwerera chambuyo kutsetsereka, ndiiliza ndi giya. Igwedeza kwambiri. Dzanja limodzi pamutu pa mwana, lina papaipi. Paipi ikatuluka m'mafuta n'kumwa mpweya, tagona pano. Mwamva?"

"Ndamva, ababa."

Anapondereza kalachi ndi phazi, galimoto inayamba kutsetsereka chambuyo, pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu, mitengo ikuthamangira kutsogolo, iwo atatembenuza khosi, ine ndapana chigubu ndi akakolo mpaka mafupa kuwawa. Anadzutsa phazi. Galimoto inadumpha, mutu wanga unagunda galasi, injini inati gu, gu, n'kusiya. Tinkatsetserekabe. Kumbuyoko ndinkadziwa kuti kuli pokhota, ndipo kuseri kwa pokhotapo kuli gombe la mtsinje. Ndinawamva akuitana akazi awo amene anamwalira kalekale, motsitsa mawu, ati make Tomasi, mdzukulu wanuyu, musagone. Anadzutsanso phazi. Inadumpha, inati gu, gu, gugugugu, utsi wakuda unatiphimba mbali zonse, ndipo inalira.

Sanazimitsenso, sanaimenso. Munthu amene ankatsika kukayang'ana dzenje lililonse asanalidutse, tsiku limenelo anangodutsa pamwamba pake. Mafuta ankakhavukira pamapazi anga, ankandiwotcha m'ming'alu, fungo linadzadza, chigubu chinkapepuka ndikuchimva, ndipo ine ndinkakanikiza paipi pansi, pansi, zala zitachita dzanzi. Iwo ankangoyankhula ndi Selina njira yonse, kumuuza kuti apa ndi pamunda wa auje, apa ndi pamene ng'ombe inawagwetsa, usagone iwe, ukagona sindikugulira masikono. Titalowa pachipatala ku Mwaladzi m'chigubu munatsala tochepa tongonyowetsa nsalu.

Anamwino anamulanda m'manja mwanga akuthamanga. Anati ndi malungo aakulu, ndipo tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Anamubaya, anamuika madzi a m'mitsempha. Dzuwa likupendeka Selina anatsegula maso n'kulira, kulira kwenikweni kwa mwana. Nditatuluka panja ndinawapeza apongozi atakhala pansi pa mtengo, akusanza, mafuta aja atawavuta m'mimba. Atandiwona anayang'ana kumbali monga kale. Ine ndinagwada chapatali, mutu uli pamtunda, ndinati walira. Anagwedeza mutu, anapukuta pakamwa.

Za kukhala chete kwanga sanandikalipire. Patapita masiku, Selina atayambanso kudya, anamunyamula pamiyendo n'kunena ine ndikumva kuti awauze amake kuti akanayankhula pabwalo, ntchito yomweyo ikanachitika pamthunzi, zitsulo zonse zili pafupi, ndipo mwamsanga. Ndiponso kuti ulemu umene ungaphe mwana iwo sakuufuna pakhomo pawo. Basi, nkhani inathera pomwepo. 

A Tomasi ndiwo anaziwona, koma osati ndi mawu. Apongozi anawagonetsa pansi pa galimoto kuti amasule thanki okha, aitsuke ndi manja awo, n'kukhuthulira zotulukamo m'beseni pakati pa bwalo. Linali beseni la matope akuda, mchenga, dzimbiri, ngakhale kachidutswa ka pulasitiki. Analisiya pomwepo masiku awiri kuti aliyense wodutsa afunse. Kenako, chimene palibe anayembekezera, anawatuma ku Nsadzo kukatenga kagarafa kena ndi masefa awiri. Anadzadza thanki mpaka pakamwa, anathira okha, ananyamuka awiriwo opanda katundu mpaka ku Chifunde ndi kubwerera, akuithamangitsa m'zitunda. Panjira sefa yoyamba inatsekeka ndi zotsalira m'mapaipi, anasintha. Pobwera utsi unali utachepa ndithu, ndipo chitunda chija inakwera osatsokomola. A Tomasi, amene anakhala sabata yonse osakweza maso, anayesa mwayi.

"Ndiye kuti ndinalondola, ababa?"

"Mankhwala ndiwo analondola. Iwe ayi."

Kukolola kutatha anatsegulabe mutu wa injini ndi kupala ndi supuni yawo, ati mankhwala amatsuka pamene mafuta amadutsa, koma mwaye wokalamba umafuna dzanja.

Titameta maliro a apongozi, mwana wa mlongo wawo anabwera kuchokera ku Nsadzo ndi akuluakulu a kubanja kwawo. Mwa mwambo wa kuno katundu wa malume ndi wa iyeyo. A Tomasi anayankhula, anachonderera kuti galimoto yokha itsale chifukwa cha odwala a tsidya lino, koma akuluakulu anati kumenekonso kuli odwala. Inapita Lachiwiri la sabata yatha, pamodzi ndi bokosi la zitsulo. Ine ndinaima kuseri kwa nyumba, ndili ndi mlongo wake wa Selina kumsana, wa miyezi isanu, ndikumvetsera mpaka kulira kwa injini kunathera kutsidya.

Chisakasa chimene inkagonamo chilipo, mitengo inayi ndi udzu wothothoka mbali imodzi. Pakati pali banga lakuda la mafuta pamene sipamera kanthu, ndipo nkhuku zikafika pamenepo zimalambalala. Pamene pankaima matayala pali maenje anayi, osaya, osalala ngati mbale. Mvula yoyamba inagwa sabata yatha, inadontha padenga, maenjewo anadzadza madzi. Dzulo m'mawa ndinawerama kuyang'anamo, ndinawona tinthu tating'onoting'ono tikuvinavina m'madzimo, ana a udzudzu. Ndinathamangira khasu. Ndinakwirira loyamba, lachiwiri, lachitatu, ndikupondaponda ndi mapazi, ndipo pa lachinayi ndinaima kanthawi, kenako ndinakwiriranso. Nditamaliza ndinamasula mwana kumsana, ndinaika tsaya langa pamphumi pake. Panali pozizira. Ndinadikira pang'ono, ndinaikanso.